Pepala la kafukufuku likabwera wodwala ali pa okosijeni

Kachipangizo kopana chala kaja, koyeza okosijeni m'magazi, ndinakadziwa bwino chaka chimene ndinadikirira achimwene anga m'chipatala. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenako kutentha thupi, tsiku lachinayi munthu akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu. Anesi anandiuza kuti munthu wabwinobwino kachipangizoko kamaonetsa 95 kupita m'mwamba, ndipo nambala ikatsika kupitirira 90 ndiye kuti thupi likuperewera okosijeni. Ya achimwene inkangovina pakati pa 81 ndi 86, timachubu tili m'mphuno. Usiku wonse maso anga anali pa nambala ija ngati ndikudikira zotsatira za mayeso.

M'mawa kukhitchini ya magadiyani, mayi wina akusonkheza moto pansi pa mphika wa phala anandichenjeza. "Achimwene, akabwera ndi mapepala a kafukufuku musasaine. Amenewo amayesera zinthu zawo pa anthu oti atha kale." Mnzawo amene ankatsuka mbale pambali sanalole. "Iii, inu, a kafukufuku ndiye amasamala. Wanga ankamuona tsiku lililonse, ya thiransipoti n'kubweza." Anakangana mpaka phala linapsa.

Kwa ife sikunabwere munthu ndi pepala, ndipo achimwene anatuluka akuyenda okha. Koma funso lija silinandichoke: akanabwera pakati pa usiku, nambala ili pa 81, ndikanayankha chiyani? Amayi awiri aja aliyense anagwira mbali yake ya choonadi, ndipo nkhaniyi ndi yoti munthu aidziwiretu kunja kukuwala, asanafike pa benchi ya kunja kwa wodi.

Amene anasendapo mbuzi pa Idi kapena pa sadaka akudziwa mapapo mmene alili: opepuka, ofewa ngati chinkhupule, ukawaika m'madzi amayandama. M'kati mwake muli timatumba ta mpweya tosawerengeka, ndipo kathumba kalikonse kakulungidwa ndi timitsempha ta magazi. Khoma la pakati pa mpweya ndi magazi ndi lopyapyala kwambiri kuti okosijeni azidutsa mosavuta. Thupi likamalimbana ndi matenda aakulu, khomali limatha kutupa n'kuyamba kuchucha. Madzi a m'magazi amalowa m'timatumba tija, mapapo onse awiri amalemera n'kuuma gwa, ndipo ngakhale munthu akoke mpweya ndi mphamvu zake zonse, wofika m'magazi umakhala wochepa. Madokotala vutoli amalitchula kuti ARDS. Si matenda oyamba okha, amabwera pamsana pa china: chibayo champhamvu, tizilombo tolowa m'magazi, malungo aakulu, Covid-19, kupsa ndi moto, ngozi yapamsewu, masanzi olowa kunjira ya mpweya. Kuno kunyanja tionjezerepo kumira. Msodzi amene wavuulidwa atamwa madzi akhoza kuoneka ngati watsitsimuka, patapita maola angapo n'kuyamba kubanika.

Vutoli linalembedwa koyamba m'chaka cha 1967 ndi madokotala a ku Denver, ku America, ataona odwala 12 amene mapapo awo anakanika mofanana ngakhale chowabweretsa kuchipatala chinali chosiyanasiyana. Kafukufuku wa m'maiko 50 amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti pa odwala khumi alionse olowa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chija amati ICU, mmodzi amakhala ndi ARDS, ndipo mwa odwala ARDS pafupifupi anayi pa khumi alionse samatuluka amoyo. Ziwerengerozi n'za zipatala zokhala ndi makina onse.

Palibe jekeseni imodzi yoti ukabaya mapapo aphwe. Chimene achipatala amachita ndi kuchiza chimene chayambitsa, n'kumugwiriziza munthuyo ndi okosijeni kapena makina opumira mpaka mapapo atadzikonza okha. Ndiye mkangano wonse wagona pa kagwiriziridwe kameneka. Mpweya wochuluka bwanji? Madzi a dripi angati? Agone chotani? Mayankho amene tili nawo lero anachokera kwa mabanja amene anavomera kuti wodwala wawo alowe m'kafukufuku.

Kwa zaka zambiri madokotala ankapopera mpweya wambiri m'mapapo a odwalawa, ndipo nzeru yake inkamveka: munthu akubanika, mpatseni wochuluka. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka m'chaka cha 2000, wa odwala 861, anayerekeza kupopa mamililita 12 pa kilogalamu iliyonse ya thupi ndi kupopa mamililita 6 okha. Mwa opatsidwa wambiri anamwalira pafupifupi 40 pa 100 alionse, mwa opatsidwa wochepa anamwalira 31. Chifukwa chake n'chakuti m'mapapo odzaza madzi gawo lotsala logwira ntchito limakhala laling'ono ngati mapapo a mwana, ndiye ukaumiriziramo mpweya wa munthu wamkulu umaling'amba. Makina opulumutsa aja ankavulaza, ndipo palibe dokotala akanaziona ndi maso pa wodwala mmodzimmodzi. Mu 2013 kafukufuku wina, wochitikira makamaka ku France pa odwala 466, anaonetsa kuti kugoneka wodwala kwambiri chafufumimba kwa maola 16 kapena kuposerapo pa tsiku kunatsitsa imfa kuchoka pafupifupi pa 33 kufika pa 16 pa 100 alionse. Kungomutembenuza munthu basi, popanda mankhwala atsopano. Ndipo nthawi ya Covid-19, matenda amene kuno anatitengera nduna ziwiri tsiku limodzi mu Januwale 2021, kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anali atapeza kale mu Juni 2020 kuti dexamethasone, mankhwala akale otsika mtengo, amapulumutsa odwala amene ali pa okosijeni ndi pa makina, koma sathandiza amene akupuma bwino paokha. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti hydroxychloroquine, imene inatchuka kwambiri pa WhatsApp, sinkathandiza.

Kafukufuku alipo wa mitundu iwiri, ndipo funso loyamba kufunsa ndi lakuti uyu ndi uti. Wina amangoona ndi kulemba: nambala za okosijeni, zotsatira za magazi, chithunzi cha m'chifuwa, mmene wodwala watulukira. Chithandizo sichisintha. Wina amayesa njira, ndipo apa mpamene pamabwera maere.

Maere ndi chinthu chimene chimawakwiyitsa anthu akangochimva. Moyo wa bambo anga muchitire maere? Komatu chifukwa chake chilipo. Dokotala ndi munthu. Akapatsidwa ufulu wosankha, mosadziwa adzapereka njira yatsopano kwa odwala amene akuoneka kuti alimba, kapena kwa amene atheratu poganiza kuti palibenso chotaya, ndipo pomaliza sitidzadziwa ngati anthu achira chifukwa cha njirayo kapena chifukwa anali olimba kale. Kompyuta ilibe chibale. Ikagawa anthu mazana angapo m'magulu awiri, okalamba, a HIV, a shuga ndi osuta amagwera mbali zonse mofanana, kotero kusiyana kumene kungaoneke kumakhala kwa njira ikuyesedwayo. Gulu lina limalandira chithandizo cha masiku onse, lina chithandizo chomwecho kuonjezerapo kapena kusinthapo chinthu chimodzi. Palibe gulu lomanidwa okosijeni kapena mankhwala odziwika kale kuti amathandiza. Nthawi zina, ngati akuyesa mankhwala, gulu lina limapatsidwa chinthu chooneka chimodzimodzi koma chopanda mphamvu, ndipo ngakhale anesi obayawo sadziwa kuti botolo ili ndi liti.

Maere amaloledwa pokhapokha ngati madokotala enieniwo sakudziwa njira yoposa inzake. Akadziwa, kuchita maere ndi mlandu. Choncho munthu wa kafukufuku akakuuzani kuti "sitikudziwa ngati izi zithandiza", musamuone ngati wosaphunzira, ameneyo ndiye akunena zoona. Woopsa ndi amene akulonjeza kuti wodwala wanu achira mukasaina.

Kusadziwa kumeneku si mawu ongokometsera fomu, ndipo umboni wake tili nawo konkuno kunyanja. Pali kachipangizo kotchedwa bubble CPAP, kokankhira mpweya m'mphuno mwa mwana kuti timatumba tija tisafwape. Kwa ana obadwa masiku asanakwane kathandiza kwambiri m'Malawi muno, ndipo kamtundu kotchedwa Pumani kanakonzedwa ndi a Rice University mogwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Bangladesh kafukufuku wa 2015 anaonetsa kuti kamapulumutsanso ana okulirapo odwala chibayo. Aliyense ankayembekezera kuti kunonso zikhala choncho. Anakayesa pa chipatala cha boma cha Salima, pa ana 644 osakwana zaka zisanu odwala chibayo champhamvu, ambiri a iwo alinso ndi HIV, kunyentchera kapena okosijeni wotsika kwambiri, m'wodi wamba momwe dokotala sayang'anira mwana aliyense tsiku ndi tsiku. Zotsatira zinatuluka mu 2019: mwa ana oikidwa pa CPAP anamwalira 17 pa 100 alionse, mwa opatsidwa okosijeni wamba wa timachubu anamwalira 11. Kafukufukuyo anaimitsidwa asanafike kumapeto.

Nkhani ya ku Salima ndimaiona mbali ziwiri, ndipo sindifuna kubisa mbali iliyonse. Pali makolo amene anasaina, mwana wawo n'kugwera m'gulu limene linapezeka kuti silinali labwino. Mayi wa phala uja akanamva izi akanati mwaonatu. Koma pakanapanda kafukufukuyo, kachipangizoko kakanatha kumwazidwa m'mawodi a ana a zipatala za maboma onse, kwathu kuno n'komwe, aliyense akukhulupirira kuti akuchita bwino, ndipo ana otayika mwa njira imeneyo sakanawerengedwa ndi munthu. Chimene chagwira ntchito kumene kuli namwino pa bedi lililonse sichingangotengedwa n'kuikidwa m'wodi momwe namwino mmodzi akuyang'anira ana makumi angapo usiku. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso mu 2011 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, pamene kafukufuku wa FEAST pa ana oposa 3,000 anapeza kuti kuthira madzi a dripi ambiri mofulumira mwa ana otentha thupi kwambiri, njira imene mabuku ankaphunzitsa, kunkachulukitsa imfa.

Ngakhale kulizindikira vutoli kunafuna kafukufuku wa kuno ku Africa. Malamulo ozindikirira ARDS amene anakhazikitsidwa ku Berlin mu 2012 ankafuna kuyeza magazi a mumtsempha wa pamkono ndi makina apadera, komanso kuti wodwala akhale ali kale pa makina okankha mpweya. Potengera malamulo amenewo, chipatala chopanda zipangizozi chinalibe wodwala ARDS ndi mmodzi yemwe, pamene anthu akufa nayo. Madokotala a ku Kigali, ku Rwanda, mu 2016 anaonetsa kuti kachipangizo kopana chala kaja pamodzi ndi sikani ya m'chifuwa zingathe kugwira ntchitoyo. Anapeza vutoli mwa akuluakulu 4 pa 100 alionse ogonekedwa, ndipo theka la iwo anamwalira. Njira ya ku Kigali inadzalowa m'malamulo atsopano a dziko lonse mu 2023.

Munthu wa ku Mangochi angakumane nazo kuti zimenezi? Kafukufuku si mlendo m'boma lino. Ku Lungwena kwachitika kafukufuku wa zakudya za ana kwa zaka zambiri, mbali ya Malawi ya kafukufuku wa MORDOR wopatsa ana mankhwala a azithromycin inachitikira m'midzi ya boma lino, ndipo katemera wa malungo atayamba kuperekedwa moyeserera mu 2019 Mangochi inali m'gulu la maboma osankhidwa. Koma kafukufuku ameneyo amabwera masana, amayambira kwa amfumu, anthu amakhala pansi pa mtengo n'kufunsa mafunso, wina amapita kunyumba kukaganiza. Wa mapapo sali choncho. Makina opumira ali m'zipatala zikuluzikulu, ku Zomba, ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndiye nthawi zambiri pepalalo limampeza munthu atatsika kale mu ambulansi kutali ndi kwawo, atadutsa Liwonde usiku, m'thumba muli ya sopo yokha. Ena limawapeza pa foni, m'bale wawo atagonekedwa ku Joni. Ndipo nthawi imakhala yochepa, chifukwa kafukufuku wotere amafuna wodwala alowe pasanathe tsiku limodzi, awiri kapena atatu chiyambireni vutolo. Mapapo akaonongeka kwa sabata, chimene akuyesacho sichingaonetsenso kanthu.

Vuto lalikulu ndi lakuti mwini wake wa thupilo sangayankhule. Munthu woperewera okosijeni amasokonezeka mutu, ndipo woikidwa pa makina amagonetsedwa ndi mankhwala, chubu chili kukhosi. Ndiye amafunsidwa womuimira. Pa pepala zimaoneka zapafupi: mkazi, mwamuna, kholo kapena mwana wamkulu. Kwathu kuno sizipafupi choncho. Amene ali pambali pa bedi ndi mkazi wake kapena mlongo wake, koma mawu omaliza ali ndi mwinimbumba, atsibweni amene mwina ali pa nyanja ku Makanjira kumene netiweki imachita kusakidwa pa chulu, kapena achimwene aakulu amene ali ku Durban ndipo ndi amene akutumiza ndalama. Mkazi akasaina yekha munthu n'kumwalira, pa maliro adzamuloza chala kuti ndiye anamugulitsa. Manthawa ndi enieni, ndipo gulu la kafukufuku lodziwa ntchito yake limawalemekeza. Muli ndi ufulu wonena kuti dikirani ndiimbe foni, kapena kupempha kuti afotokozenso pa foni yomweyo atsibweni akumva okha.

Womuimira safunsidwa zimene iyeyo akufuna. Amafunsidwa zimene wodwalayo akanafuna. Kodi bambowa anali munthu wokonda kuthandiza ena, wopereka magazi kukafunika? Kapena anali wokana ngakhale jekeseni? Ndi ntchito yolemera, koma imapepukako ngati nkhani zoterezi zinakambidwapo pakhonde munthu ali bwino.

Pa matenda adzidzidzi kwambiri, makomiti oyang'anira nthawi zina amalola kuti achipatala angofotokoza mwachidule pakamwa, womuimira avomere, chithandizo chiyambe, ndipo kufotokoza kwathunthu ndi kusaina kudzachitike zinthu zikadekha. FEAST uja anachita choncho. Njirayi siingangogwiritsidwa ntchito mwachisawawa, imafuna chilolezo chapadera kafukufuku asanayambe. Ndipo wodwala wamkulu akatsitsimuka ayenera kufunsidwa yekha ngati akufuna kupitiriza. Akakana, mawu ake amaposa siginecha ya aliyense.

Malamulo amenewa anabadwa chifukwa cha nkhanza zenizeni. Madokotala a chipani cha Nazi atazengedwa milandu ku Nuremberg, mu 1947 kunalembedwa kuti munthu asayesedwe popanda kuvomera mwaufulu, ndipo mu 1964 bungwe la madokotala a dziko lonse linakhazikitsa mfundo za ku Helsinki. Ngakhale zinali choncho, ku Tuskegee, ku America, amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa osachizidwa kuyambira 1932 mpaka 1972 kuti ofufuza aone mmene matendawo amathera munthu. Choncho wokayikira kafukufuku si mbuli. Kuno ku Malawi kafukufuku wa zaumoyo sayamba asanaunikidwe ndi komiti monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo woyesa mankhwala amafunanso chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Pa kafukufuku woyesa njira pamakhalanso kagulu ka akatswiri oima paokha kamene kamasuzumira zotsatira ntchito ili m'kati, ndipo kakaona kuti gulu lina likuvulala kapena kuti kupitiriza n'kopanda phindu kamalangiza kuti aimitse. Fomu yeniyeni imakhala ndi chidindo cha komiti, dzina la mkulu wa kafukufuku ndi nambala ya foni ya komitiyo yoti mukadandaulireko. Kope lina la fomuyo limatsala ndi inu. Yopanda zimenezi musaikepo chala.

Fomuyo iyenera kukhala m'chiyankhulo chimene mumamva. Kuno ambiri Chichewa amachimva pa msika, koma nkhani ya moyo ndi imfa amaimvetsa m'Chiyao, ndipo kupempha womasulira si manyazi. Wosadziwa kulemba amadinda chala, pamaso pa mboni imene si ya m'gulu la kafukufukulo, yotsimikizira kuti zimene zawerengedwa ndi zimene zalembedwa.

Za magazi ndiye nkhani imene sichedwa kuyaka. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za 2017, zimene zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa n'kuphedwa. Magazi a kafukufuku amayezedwa ndi timasupuni, ndipo fomu imanena kuti ndi angati, kangati. Funsani kumene akupita, ngati ena adzasungidwe, kwa zaka zingati, ndiponso ngati adzatumizidwe kunja kwa dziko, chifukwa zimenezo zimafuna chilolezo cha komiti. Mafomu ambiri amakhala ndi bokosi lapadera la zosunga magazi, ndipo mukhoza kuvomera kafukufuku koma kukana bokosi limenelo. Chimodzimodzi kupima thupi munthu akamwalira: ndi pempho lapalokha, silibisala m'siginecha yoyamba ija, ndipo banja lofuna kuika maliro tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu lili ndi ufulu wonse wokana.

Nanga mayi wotsuka mbale uja? Zoona, wodwala wa m'kafukufuku nthawi zambiri amayezedwa pafupipafupi, ndipo m'chipatala chochepa antchito zimenezo si zazing'ono. Koma apa mpamene pali msampha. Munthu wosauka, wamantha, akhoza kusaina poganiza kuti akakana wodwala wake aiwalidwa pa bedi. Lamulo likuti wokana alandire chithandizo chonse chimene akanalandira kafukufukuyo pakanapanda, ndipo wovomera akhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa. Ndalama imene amapereka ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi yanu, si malipiro a thupi la munthu. Kulowa m'kafukufuku sikulipiritsa, ndipo wopempha kangachepe kuti m'bale wanu alembedwe ndi wakuba.

Ine lero atandipeza pa benchi ija, ndingayambe ndi kufunsa kuti ndikakana, m'bale wanga alandira chiyani. Kenako ndingafunse chimene chisinthe ndikavomera, choopsa chimene akuchidziwa kale, ndi amene alipire chithandizo wodwala akavulala chifukwa cha kafukufukuyo, popeza kafukufuku woyesa mankhwala amayenera kukhala ndi inshuwalansi. Ndingafunsenso za kutsogolo, chifukwa ARDS siithera pa geti la chipatala. Ambiri opulumuka amatha miyezi ali ofooka, miyendo yowonda, kuiwalaiwala, ena kulota zoopsa za m'chipinda chija. Ofufuza amafuna kuwaonanso patapita mwezi, miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo kwa munthu wa ku Namwera kapena ku Malindi ulendo wa ku Blantyre ndi tsiku lathunthu, nthawi ya dzinja n'kuposa.

Achimwene anga atachira ndinawafunsa tsiku lina tikudya chambo kuti, akanakhala kuti sakuyankhula ndipo a kafukufuku abwera, akanafuna ndiyankhe chiyani. Anayamba aminula minga kaye. Kenako anati za kumugoneka chafufumimba ndi za okosijeni ndikanavomera, za kusunga magazi ndikanakana, ndipo atsibweni ndikanawaimbira nditasaina kale.